Nkhwali ya Kuseri kwa Labotale

Anthu onse pa yunivesite ankangowatchula kuti a Chikwakwa, poti kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ntchito yawo inali yotchetcha udzu. Sabata imeneyo kapitao anawauza kuti alambule tchire la kuseri kwa labotale, chifukwa pa tsiku lopereka madigiri makolo adzaimika magalimoto kumeneko.

Atatchetcha mpaka pafupi ndi mpanda, nkhwali inabuka pamapazi pawo penipeni. Mtima unagunda kuti thi! Atapatula udzu ndi nsonga ya chikwakwa, anaona mazira asanu ndi limodzi, akadali ofunda.

Akanakhala masiku a unyamata wawo, akanangotola n'kuika m'chipewa. Dzanja linapitadi lokha. Koma anaima, n'kuyamba kuganiza kuti kodi nkhwali anaimva liti komaliza ikulira pasukulupo. Pamene ankayamba ntchito, zinkasokosa m'mawa uliwonse kumene lero kuli nyumba zogona ophunzira. Zinaleka liti? Analephera kukumbukira, ndipo zimenezo zinawadya mumtima.

Anatchetcha mozungulira, n'kusiya kachigawo ka udzu pakati.

"Achikulire, kametedwe kanji kameneka?" anafunsa kapitao masana. "Mwasiya tsumba ngati mwana wothawa lumo."

"Muli mazira, bwana."

"Ndiye kakazingeni! Pofika Lachisanu pakhale mbee."

Pasukulupo panali mayi wina wophunzitsa za zinyama, amene m'mawa ankayendayenda ndi ophunzira ake akuwerenga mbalame. A Chikwakwa anali atatchetcha pansi pa windo la ofesi ya mayiwo kwa zaka zambiri, koma anali asanalowemo. Anapukuta majombo kawiri pakhomo asanagogode.

"Nkhwali? Muno?" anadabwa mayiwo. "Bambo, mwaonetsetsa?"

"Mayi, nkhwali ndinaidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa."

Mayiwo anatulutsa buku lalikulu momwe munalembedwa zamoyo zonse za pasukulupo. Dzina la nkhwali linali litadulidwa ndi cholembera chofiira zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Anatsatira a Chikwakwa osatseka n'komwe chitseko, ndipo atafika anagwada mufumbi ndi diresi yawo yabwinoyo, maso ali pa mazirawo.

Tsiku lomwelo mayiwo analembera kalata akuluakulu a yunivesite, ophunzira n'kukhoma zikhomo ndi kukunga chingwe. Kapitao anangopukusa mutu.

"Magalimoto anayi alandidwa malo ndi mbalame yopanda digiri," anadandaula.

Mwambo unachitika ndi phokoso lake lonse, koma nkhwali sinachoke pamazira. Anayi anaswa, awiri anasukusa. Kamwanapiye kamodzi kanagwidwa ndi mphaka wa kukhitchini. A Chikwakwa anapeza timanthenga pafupi ndi thanki ya madzi. Atatu otsalawo anakula, n'kulowera ndi mayi wawo m'tchire la kunja kwa mpanda.

Patapita sabata, mayi aja anawapeza akunola chikwakwa pansi pa mtengo.

"Bambo, n'chiyani chinanso chimene mumaona muno?"

Anayamba monyinyirika, kenako zinangobwera zokha: akanungu kumbuyo kwa laibulale, ananzikambe m'maluwa a kuofesi, ng'azi yaikulu yokhala mungalande, likongwe amene amadutsa msewu anthu akalowa m'kalasi. Mayiwo anadzaza masamba atatu.

"Nanga ife zonsezi sitiziona bwanji?"

"Inu mumayenda maso ali kumwamba, mayi. Ine ntchito yanga ndi yowerama." Anayesa mpeni wa chikwakwa ndi chala, kenako anawonjezera motsitsa mawu: "Komanso zambiri ndinazidziwa chikwakwa chitazipeza kale."

Mayiwo analeka kulemba. Sanawatonthoze, ndipo a Chikwakwa anawalemekeza chifukwa cha chimenecho.

"Lachiwiri m'mawa mungayende nafe?" anafunsa mayiwo pambuyo pake. "Ophunzira anga akufunika kuphunzira kuwerama."

A Chikwakwa anaganiza kaye.

"Ndibwera. Koma muwauze avale nsapato zotseka. Kungalande kuli njoka ziwiri, ndipo sindikufuna kuona munthu akutola mwala."