Penate Yomwe Sindinamenye

Panali chinthu chomwe ndinali ndisanauze munthu aliyense, ngakhale amayi. Tsiku lomwe timu ya atsikana ya pakoleji pathu, kuno ku dziko la azungu, inagonja mu semifainolo, kochi wathu, a McDonald, anayamba kufunsa ine kuti ndimenye penate yomaliza. Ndinakana.

Anthu sanamve zimenezo. Anangoona mzungu atandiyandikira, ine nditawerama, kenako iye n'kukapereka mpira kwa Leah wa ku Gorbals. Leah anaumenya n'kuuponya pamwamba pa golo, kutali, mpaka unakagwera kuseri kwa mpanda. Basi, tinatuluka.

Lamlungu lake, titamaliza mapemphero ku Govanhill, tinatsikira m'holo kukamwa tiyi. Ndinapeza nkhani itayaka kale.

"Ine ndinaona ndi maso angawa, alamu," amalume Japhet ankauza bambo anga, sikono ili m'manja. "Mwana wagoletsa chaka chonse, ifike nthawi ya penate akumudumpha? Utsi sufuka popanda moto."

"Inu a Japhet, mpira mumaudziwira pa TV ya nkhalamba zomwe mumasamalira kuntchito," anatero anti Ketrina, omwe ndi namwino ndipo saopa munthu. "Kochi salowa m'bwalo. Anawa anaphonya kangati golo ili pululu? Ndi a McDonald anawamanga miyendo?"

"Nanga anawauza kuti abwerere kumbuyo atangogoletsa kamodzi ndani? Si kochiyo? Mpira wake ndi wamantha!"

"Anawauza kuti abwerere, sanawauze kuti agone."

Anthu anaseka. Amalume sanaseke. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Sekani. Koma kamtsikana kameneka, Leah, bambo ake amatengana pa galimoto ndi kochiyo. Ndawaonapo ine."

"Amakhala msewu umodzi," ndinatero, koma mawu anga anathera m'kapu.

"Komatu munthuyo ndi waulemu," anatero amayi. "Si iye anasuntha tsiku loyeserera kuti Uchizi asamajombe kwaya?"

"Achemwali," anatero amalume, "chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amakusekerera bwinobwino, koma ikafika nthawi yoti dzina limveke, amapatsa wawo. Kuntchito kwathu n'chimodzimodzi. Funsani aliyense muno."

Palibe anatsutsa. Ngakhale anti Ketrina anangotakasa tiyi wawo. Zakuntchitozo aliyense m'holomo anazilawapo, ndipo ndinaona kuti sakukambanso za mpira wokha.

Bambo anga, a Gwanda, ndi mkulu wa mpingo ndipo salankhula msanga. Anali atasinthana shifiti ndi mnzawo kuti adzandionere tsiku lija. Anaika kapu pa tebulo pang'onopang'ono.

"Mawa ndipita kukoleji. Ndikaonana ndi mkulu wa zamasewera. Ndikamuuza kuti pali tsankho, afufuze."

 Liwu loti tsankho pakoleji sasewera nalo. Munthu amayamba waimitsidwa ntchito, kufufuza kumabwera pambuyo.

"Dikirani kaye, abambo," anatero anti Ketrina. "Mwina n'kusamvana chabe. Mwanayu tinamulera kuti wamkulu akamalankhula aziyang'ana pansi. Kwa azungu, ukayang'ana pansi ndiye kuti ukuopa kapena ukubisa kanthu. Ine m'wodi anandinenapo kuti ndine wamwano chifukwa cha zomwezi. Mwina anamufunsa, iye n'kuwerama mwaulemu, kochiyo n'kuyesa kuti sakufuna."

"Ndiye zaipiratu," anayankha bambo. "Wakhala naye chaka chonse, sakudziwabe kuti mwana wanga ndi woleredwa? Uchizi, tabwera kuno. Zinali choncho?"

Maso onse anatembenukira kwa ine. Anti anali atanditsegulira kakhomo kothawira, kabwino, koti sindikanafunika ngakhale kunama. Ndinapinda manja kumbuyo n'kuwerama.

"Mwaona?" anatero amalume. "Mwana wavomera."

Zoona zake n'zakuti a McDonald sanasokonezeke ndi kuwerama kwanga. Amandidziwa. Tsiku lija anagwada bondo limodzi m'matope kuti andione kumaso, n'kundifunsa ngati ndili wokonzeka. Ndinayang'ana kuseri kwa golo. Azimayi a mpingo anali atamanga zitenje pamwamba pa majekete, akuimba dzina langa ngati nyimbo ya pachikwati. Bambo anali atakweza mbendera ya kwathu. Amalume anali atakweza foni, akuonetsa abale a ku Kasungu zonse pomwepo. Ndinaganiza za mpira ukupita kumwamba anthu onsewo akuona. Ndinawauza m'Chingerezi chomveka bwino kuti ayi, osati ine. Anafunsanso, ndinakananso. Anangondigwira phewa n'kudzuka. Leah sanakane, ngakhale sanamenyepo penate chiyambire.

Titagonja, atsikana ena anafunsa a McDonald chifukwa chomwe sanandipatsire. Anangoti chisankho chinali chawo, ndipo mlandu ndi wawo.

M'basi yobwerera kwathu ku Maryhill ndinakhala pawindo. Foni ya amayi inkangolira. Pagulu la mpingo wina anali ataikapo kale chithunzi cha Leah atagwira kumutu, pansi pake alembapo kuti mwana wa mnzake wa kochi. Ena ankati vuto ndi kochi, ena ankati osewera, ena ankafunsa ngati a McDonald anachitaponso zotere kwa mwana wakuda. Palibe anali ndi yankho, koma funsolo linkangobwerezedwa mpaka linayamba kumveka ngati umboni.

Lolemba m'mawa ndinapeza bambo atavala suti yawo ya Mgonero. Amalume anali atalonjeza kuti akumana nawo pageti la koleji.

"Tiye tipitire limodzi," anatero. "Iwe sukalankhula kanthu. Ndikalankhula ndine."

Tinayenda mpaka pa siteji. Kunkawaza kamvula. Bambo anandifunditsa ambulera, phewa lawo likunyowa. Ankayeserera chapansipansi mawu a Chingerezi omwe akanene, kuwabwereza, kuwakonza.  Ndinazindikira kuti nawonso ankaopa maofesi a azungu, koma ankapitabe chifukwa cha ine.

Basi inatulukira pakona. Bambo anakweza dzanja.

"Ababa."

"Konza khadi lako, yafika."

Ndinachita chomwe sindinachitepo chibadwire. Ndinaima patsogolo pawo n'kuwayang'ana m'maso. Anadabwa, dzanja lili m'mwamba.

"Kochi uja sanandidumphe. Anayamba kufunsa ine, anachita kugwada. Sikunali kuwerama kwaulemu ayi."

Basi inaima, chitseko n'kutseguka. Dalaivala anatiyang'ana, kudikira. Bambo anatsitsa dzanja pang'onopang'ono n'kumupukusira mutu. Chitseko chinatsekeka, basi n'kumapita.

"Ukuti bwanji, mwanawe?"

"Ndinaopa kuphonya inu mukuona, ababa. Penate ija ndinaikana ndine."