Mbande za a Hutala

Njere za matimati sazikwirira mwakuya, zimenezo ndinazidziwa ndisanayambe n'komwe sukulu. Ndinakulira m'dimba la bambo anga, ndipo ngakhale ndatha zaka makumi atatu ndikupalasa makina osokera, dzanja langa silinaiwale dothi. Choncho tsiku limene ndinapisa chala chonse m'dothi n'kuponyamo njere ngati ndikubzala chimanga, musaganize kuti ndinali mbuli. Ndinachita dala, pamaso pa amuna anga.

Amuna angawo anthu amawatchula kuti a Hutala. Anayendetsa basi zaka zambiri, ndipo dzinalo linabwera chifukwa cha mawu awo omveka ngati hutala ya basi: akaitana kondakitala ali pachiwongolero, ogona kumbuyo onse ankadzidzimuka. Kenako kunabwera sitiroko. Inawatengera dzanja lamanja, n'kusiya mwendo ukukhwekhwerezeka. Adokotala a mafizo anatiuza mosapsatira kuti mwendowo ukufuna kuyenda tsiku ndi tsiku, apo ayi uuma ndipo sudzabwereranso. M'nyumba ankayenda ndithu ndi ndodo, kuchoka pabedi kufika pampando wa pabalaza, kuchoka pampando kupita kuchimbudzi. Koma khomo lotulukira panja ankaliona ngati pali dzenje. Miyezi isanu ndi iwiri inatha asanaponde pakhonde, katani ya pabalaza ili chitsekere.

"Anthu andione ndikukoka mwendo? Ine?" Anayankhula zimenezo kamodzi kokha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinalira. Konseko kunali kuimbira mbuzi gitala. Koma ine ndakhala nawo munthuyu zaka zambiri, ndimadziwa pamene pamawayabwa. Anali ndi mtundu wawo wa matimati, akuluakulu okhala ndi nthiti, ndipo njere zake ankasunga okha chaka ndi chaka mu envulopu ya khaki. Ankafesera m'nyumba, pazenera, m'mathireyi a mazira, chifukwa nkhuku za aneba sizisiya kanthu kobiriwira. Chinthu chimodzi chimene a Hutala sapirira ndi kuona ntchito ikugwiridwa molakwika iwo akuyang'ana.

Ndiye Lolemba lina m'mawa ndinakokera katebulo patsogolo pa mpando wawo, ndinaikapo thireyi yodzaza dothi, n'kutulutsa envulopu ija. Munali njere zochepa, zongokwanira timaenje makumi atatu ta thireyi imodzi. Ndinapisa chala mpaka m'munsi, njere thii, n'kukwirira, n'kutsendera ndi chala chachikulu mwamphamvu. Kachiwiri chimodzimodzi. Sindinawayang'ane, koma ndinamva mpando ukulira. Pa kadzenje kachinayi anatsokomola.

"Mayi, mukufesa kapena mukuika maliro?"

Anali mawu aatali kuposa onse amene ndinawamva mwezi wonsewo. Koma nkhope ndinaiumitsa gwa.

"Bwanji bambo? Si mmene amachitira?"

"Njere yaing'ono ngati imeneyo idzatulukira kuti kumeneko? Fukulani. Bweretsani kamtengo ka machesi."

Ndinafukula zinayi zija. Iwo anagwira kamtengo ka machesi ndi dzanja lamanzere, n'kumakanda pamwamba pa dothi pang'ono chabe, kuya kwake kosaposa chikhadabo. Ine ndinkagwetsamo njere, iwo n'kumawazapo dothi losefa. Tinatha ola lathunthu pa ntchito ya mphindi khumi, akundinyoza njira yonse kuti manja anga anazolowera nsalu. Ndinawalola, chipongwe cha tsiku limenelo chinkanditsekemera.

Titamaliza ndinanyamula thireyi ija n'kukaika pamwamba pa kabati, pakona pamdima. Sananene kanthu, poti njere isanamere imafuna kufunda, osati kuwala. Koma zitamera, patatha sabata, ndinazisiya pomwepo. Masiku atatu okha mbande zinanyozoloka, timakosi titalitali toyezuka, zonse zitapendekera kumene kunali kamng'alu ka katani.

"Mwaziona mbande zanuzo?" anafunsa.

"Eee, zikukula bwino zedi. Taonani kutalika kwake!"

"Kumeneko si kukula, mayi, n'kupemphetsa. Zikufuna dzuwa. Ikani pazenera."

"Pazenera pali katani, bambo. Munati isamatsegulidwe."

Anatukula ndodo yawo, n'kukola nayo katani ija, n'kuikokera pambali. Dzuwa linalowa pabalaza koyamba m'miyezi isanu ndi iwiri, n'kuonetsa fumbi lonse limene ndinkaganiza kuti ndimasesa. Thireyi ija ndinaisamutsira pazenera, ndipo anandilamula kuti ndiwonjezere dothi m'mbali mwa timatsinde kuti tilimbe, komanso kuti m'mawa uliwonse ndizitembenuza thireyi, mbali imene inali kuchipinda iyang'ane kuzenera. Tsiku loyamba ndinatembenuza. Lachiwiri ndinaiwala, monga mmene amaiwalira munthu amene wasankha kuiwala. Ndili kuchipinda chosokera ndinamva ndodo, go, go, go, mpaka pazenera. Kuyambira tsiku limenelo kutembenuza inali ntchito yawo, ndipo akafika pazenerapo ankachedwapo, akusuzumira mumsewu chobisala.

Apa ndiye ndinayamba kudzimva. Ndinati mankhwala ndawapeza, ndingowonjezera mlingo. Tsiku lina ndinatenga kapu n'kukhuthulira madzi m'thireyi mpaka timaenje tonse kusefukira, kuti andikalipirenso. Anakalipadi. Chimene sindinadziwe n'chakuti iwonso ankathirira mwakachetechete ine ndikapita kukagula ulusi, ndiponso alamu anga, achemwali awo a a Hutala, amene amabwera Lachitatu lililonse kudzawaona, anali atathirapo awo pofuna kuthandiza. Anthu atatu kuthirira thireyi imodzi ya mazira, zenera lili lotseka, kunja kukuzizira.

Loweruka m'mawa ndinapeza mbande zitagona. Sikunali kufota kwa ludzu ayi. Katsinde kalikonse kanali katawola polekezera dothi penipeni, kataonda ngati kamangidwa ndi ulusi, ndipo pamwamba pa dothi panali chuku choyera. Ndinawerenga zoimirira, zinali khumi ndi imodzi. Pofika Lamlungu zinatsala zisanu ndi zinayi. Envulopu ya khaki inali yopanda kanthu.

A Hutala anaziyang'ana, anabwerera pampando wawo, n'kukokanso katani ndi ndodo ija. Masiku awiri sanayankhule. Ndinachita mantha, ndinene zoona. Ndinali nditasewera ndi chinthu chokhacho chimene chinawadzutsa, ndipo manyazi anandigwira moti chakudya sichinkatsika. Alamu anga atabwera sanandisiye.

"Alamu, inunso muli ndi nkhanza. Munthu akudwala, inu mukumupatsa za maliro a matimati? Asiyeni achimwene apume."

"Apuma miyezi isanu ndi iwiri, alamu. Akapumanso ina isanu ndi iwiri tidzawanyamula ndi mpando womwewo."

"Ndiye mwapindulanji?"

Alamu atapita ndinatenga thireyi ija, ndinaiika pamiyendo pa amuna anga, n'kugwada pambali pa mpando.

"Bambo, ndalakwa ndine. Madzi aja ndinachulutsa. Zatsala izi. Mukati titaye, ndikataya."

Anasisita katsamba kamodzi ndi chala. Kenako anapumira m'mwamba.

"Inenso ndinkathirira," anatero. "Zulani zakufazo pamodzi ndi dothi lake, mukataye kutali. Zamoyozi muziike m'makapu, chilichonse pachokha, dothi latsopano, makapuwo muboole pansi. Pamwamba muwaze mchenga wouma. Ndipo kuyambira lero wothirira ndi mmodzi."

"Ndani?"

"Amene ali ndi nzeru m'nyumba muno."

Ndinaseka misozi ili m'maso. Anatsegulitsa katani, anatsegulitsanso zenera lenilenilo kuti mphepo izipita. Madzi ankawathira m'mbale, makapu n'kukhala m'menemo kuti dothi lizimwera pansi, ndipo asanathire ankayamba apisa chala kuti amve ngati lauma. Ziwiri zinafabe. Zisanu ndi ziwiri zinalimba, zinatulutsa masamba enieni okhala ndi manomano, tsinde n'kunenepa, kumera ubweya. Pabalaza ponse pankamveka kafungo ka masamba a matimati.

Patatha milungu itatu anati nthawi yokhwimitsa yakwana. Mbande yokulira m'nyumba siidziwa dzuwa kapena mphepo, ukangoiwokera m'munda imapserera tsiku lomwelo. Imafunika kuitulutsa pang'onopang'ono: ola limodzi pamthunzi, mawa lake maola awiri, mpaka izolowere. Anandifotokozera zonsezi ngati ndine mwana wa sukulu, ine n'kumangogwedeza mutu.

Tsiku loyamba ndinaika makapu aja m'beseni n'kuwakhazika pakhonde, pamthunzi, monga ananenera. Lachiwirinso chimodzimodzi. Lachitatu ndinadikira mpaka dzuwa litakwera, lija loswa mtengo. Ndinanyamula beseni, ndinadutsa khonde, ndinatsika masitepe atatu, ndinayenda mpaka pageti, n'kulikhazika pamwamba pa kampanda ka njerwa, padzuwa penipeni, pamene aliyense wodutsa mumsewu akanaliona. Ndinabwerera m'nyumba, chitseko n'kuchisiya chotsegula, ndinalowa kuchipinda chosokera n'kuyamba kupalasa makina.

"Mayi!"

Ndinapalasabe. Pansi pa singano panalibe ngakhale chovala, kanali kachigamba chabe.

"Mayi inu! Mbande zija zili padzuwa!"

Galasi loyesera zovala ndinali nditalipendeketsa kuti lizindionetsa khomo. Ndinawaona ataima pakati pa balaza, ndodo ili m'manja. Ndinkadziwa kuti theka la ola padzuwa limenelo likhoza kumaliza zisanu ndi ziwiri zonse, ndipo ulendo uno kunalibe kogwada n'kupepesa. Koma phazi langa silinachoke pa chopalasira.

"MAYI!"

Mawindo ananjenjemera. Anali mawu aja a m'basi, amene ndinkaganiza kuti anapita ndi sitiroko. Galu wa aneba anayamba kuuwa. Ine ndinaluma mlomo n'kupalasa mwamphamvu.

Kenako m'galasimo ndinaona ndodo ikutsogola, ikuponda pakhonde. Mwendo wabwino unatsatira, wodwala uja n'kukhwekhwerezeka pambuyo. Pamasitepe anaima nthawi yaitali, moti ndinatsala pang'ono kuthamanga. Anatembenuka chammbali, monga anawaphunzitsira adokotala a mafizo, n'kutsika imodzi. Ina. Inanso. Ndinasiya makina n'kupita pazenera la pabalaza.

Anafika pageti thukuta lili kamukamu. Apo m'pamene ndinazindikira chimene sindinachiganizire: dzanja logwira ntchito linali limodzi, ndipo linali ndi ndodo. Beseni sakanatha kulinyamula. Analiyang'ana, anayang'ana kumwamba kumene kunali dzuwa, kenako anasuntha mapazi awiri n'kuima pakati pa dzuwa ndi mbande zawo. Chithunzithunzi chawo chinagwera pa makapu onse asanu ndi awiri. Anaima pamenepo, munthu wamkulu thupi, atavala malaya ogonera, msewu wonse ukuwaona.

Mayi wogulitsa nthochi patsidya pa msewu anaimirira n'kuomba m'manja. "A Hutala! Ndinu amene? Titamva kulira kwa hutala tinati basi yabwerera!"

Ndinaona msana wawo ukuuma. Ndinati basi, atembenuka. Koma anakweza chibwano.

"Ndine ndemwe, mayi. Nthochi zanuzo zikadali zodula ngati kale?"

Wokonza njinga wa pakona anabwera akupukuta manja, anawagwira paphewa, anafunsa za mwendo. A Hutala anayankha kuti giya imodzi ikuvuta koma injini ili bwino. Pamalo pawo sanasunthe ngakhale pang'ono.

Ndinatuluka ndikupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, nditakonzeka kunama.

"Pepani bambo, makina aja amasokosera, sindinamve. Kodi si pano munati ndiziike?"

Anadikira wokonza njinga achoke, kenako anandiyang'ana ndi diso lija ankayang'anira okwera basi opanda tikiti.

"Mayi, amene anandiphunzitsa ine kufesa matimati ndi ndani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Si inu, chaka chimene tinakwatirana, ndi kamtengo ka machesi? Mwana wa mwini dimba angakwirire njere ndi chala chonse? Ndinakuonani tsiku loyamba lomwe lija."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndikananena mukanasiya." Maso awo anali pa mbande. "Ndipo ine ndekha pakhomo paja sindikanadutsa."

Ndinanyamula beseni, masamba anali atangoweramako pang'ono, palibe ngakhale limodzi lopserera. Iwo anatembenuka ndi ndodo yawo n'kuyamba ulendo wa ku masitepe, ine pambuyo, ndikuyenda mayendedwe awo.

"Kwa lero zakwana," anatero osacheuka. "Mawa maola awiri, koma pamthunzi, pansi pa mtengo wa pagetipo. Mutulutsenso mpando wanga."