Nyumba ya Pakona ku Dawhenya

Sedinam sankagula kanthu pa benchi yoyamba. Ngakhale tsabola wodyera banku, nsima ya kumeneko, ankayamba wazungulira msika wa Ashaiman, kufunsa apa, kufunsa apo, kenako n'kubwerera kumene waona kuti sakumubera. Mwamuna wake Elikem ankamunena kuti ngakhale iyeyo anamulola atafunsa kaye mitengo ya anyamata onse a mu Tema.

"Ndiye wotchipa ndinapezeka ndine," ankatero Elikem uku akusisita mimba.

Chaka chimenecho nkhani sinali ya tsabola. Lendi ya chipinda chawo kwa Anti Korkor inkatha kumapeto kwa mwezi, ndipo Anti Korkor, monga landilodi aliyense, ankafuna ya zaka ziwiri pakamodzi. Ndalamazo zinalipo, koma ndi zomwe awiriwa ankasunga chikwatiranireni kuti zidzakhale dipoziti ya nyumba yawoyawo. Kuzipereka kwa Anti Korkor kunali kuyambiranso pansi, m'chipinda chomwe mvula ikagwa madzi a m'ngalande ankalowa mpaka kunsi kwa bedi. Khoma linali litachita chuku. Khanda lawo, Dela, linkatsokomola, ndipo Sedinam akangomva kachifuwa kaja ankasiya chilichonse n'kukagunditsa khutu pamsana pa mwanayo.

Nyumba anali ataiona kale ku Dawhenya, pamalo okwera, yazipinda ziwiri, yapakona. Ejenti wa kampani yomanga nyumbazo, a Narh, analonjeza kuwasungira mpaka mwezi uthe. Chotsala chinali ngongole ya kubanki, ndipo inayenera kukhala m'dzina la Sedinam. Elikem ankayendetsa thiraki ya makontena ya munthu, malipiro ake ankalandirira m'manja. Sedinam ndiye anali wa boma: ankapereka mankhwala pawindo la kachipatala kena, ndipo malipiro ake ankadzera kubanki mwezi ndi mwezi.

Popeza anali pa tchuthi cha uchembere, ndipo Elikem anali atanyamuka ndi katundu wa ku Burkina, Sedinam anabereka Dela n'kukwera trotro, minibasi ya ku Tema. Kubanki yoyamba anakumana ndi Madamu Odoi, mayi wa magalasi olendewera pachingwe. Madamu Odoi anamutchulira chiwongola dzanja, anatenga chitupa chake cha unzika, anamusayinitsa, n'kuyang'ana pakompyuta.

"Dzina lanu ndi loyera, mng'ono wanga. Bweretsani mapepala a nyumbayo tiyambepo."

Sedinam anathokoza, koma mtima sunakhazikike. Ngongole yodzalipira mpaka Dela atamera ndevu, n'kuitenga pa benchi yoyamba? Atatuluka anaoloka msewu n'kulowa banki ina. Mawa lake analowa zina. Kulikonse ankalankhula mofanana: "Tipatseni chitupa, sayinani apa, tingoona kuti mungakwanitse zingati. Ndi kungoona chabe." Iye ankapereka, n'kumayang'anitsitsa zala za kalaliki kuopa kuti chitupacho chingasinthanitsidwe ndi cha munthu wina. Anafika ngakhale kumakampani ang'onoang'ono obwereketsa ndalama, aja a pamwamba pa mashopu. Mapazi anatupa, msana unawawa, koma anakhutira: banki ya Madamu Odoi ndiyo inali yotsikirako. Anabwererako ndi mapepala a nyumba ali m'pulasitiki kuopa thukuta.

Madamu Odoi anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Sedinam anaona zonsezo.

"Mng'ono wanga, masiku apitawa mwakhala mukuyenda kuti?"

"Kunyumba basi, Madamu. Ndi kusikelo ya mwana."

"Ndi kumabanki."

"Eee, koma kumeneko ndimangofunsa mtengo."

Madamu Odoi anatembenuza kompyuta ija kuti naye aone. Mayina a mabanki anali atandandalikana kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Mukapereka chitupa n'kusayina, banki imakafunsa za inu kubungwe losunga mbiri ya okongola. Ikafunsa, bungwelo limalemba kuti wakuti wapempha ngongole kwakuti. Akafunsa mmodzi, palibe kanthu. Akafunsa ambiri motsatizana chonchi, malikisi anu amatsika. Anuwa atsika kupitirira pamene ife timalolera pa ngongole ya nyumba."

"Koma sindinakongole ngakhale sedi imodzi!"

"Ine ndikudziwa. Koma makinawa sadziwa kuti kuli anthu ofunsa mtengo. Amangoona mayi wogogoda khomo ili, khomo ilo, ndiye amati ameneyu zamuthina ndipo kulikonse akumukana."

Dela anayamba kulira. Sedinam anamumasula, anamuika kubere.

"Ndiye mufufute, Madamu. Ndipita konseko ndikawauze kuti ndinkangofunsa."

"Sizifufutika. Zimazilala zokha, pang'onopang'ono." Madamu Odoi anatsitsa mawu. "Ndikanakuchenjezani tsiku lija, koma sindinaganize kuti mayi wa khanda angazungulire Tema yense wapansi. Tamverani. Kwa miyezi ingapo, mwina theka la chaka, musapemphe ngongole kulikonse. Tingongole ta pafoni tija musatikhudze. Wa shopu akati tengani firiji muzilipira pang'onopang'ono, thawani. Mukafuna kudziwa mtengo, funsani pakamwa, chitupa chikhale m'chikwama. Mukafuna kuona malikisi anu, pitani nokha kubungwelo, kudziona nokha sikutsitsa kanthu. Ndipo dipoziti ija musaidye. Mukadzabwera nayo yathunthu, ine ndidzakumenyerani nkhondo."

"Nanga nyumbayo? Akutisungira mpaka mwezi uno wokha."

Madamu Odoi anangomubwezera mapepala aja m'pulasitiki mwake.

Elikem anabwera Lachisanu masana, fumbi la kumpoto lili mpaka m'nsidze. Sedinam anamuikira madzi osamba, anamugulira nsima ya kenkey ndi nsomba, anadikira kuti atsirize kudya, kenako anamufotokozera zonse. Poyamba Elikem anaseka mpaka kutsamwa.

"Iwe amake Dela! Unakasankha mabanki ngati therere?"

Ataona nkhope ya mkazi wake, kuseka kunatha. Anasamba m'manja, anatuluka panja ndi foni. Sedinam ankamumva kudzera pawindo akuuza a Narh kuti, "Ee bwana... ayi bwana... mawa lomweli." Panjapo Anti Korkor anali akuanika nsalu, khutu atatchera.

"Dalaivala, takulandirani!" anakuwa. "Musaiwale mwezi ukutha. Pali mphunzitsi wina akuchifuna chipindacho, ndalama ali nazo m'manja!"

Loweruka anapita ku Dawhenya. A Narh anawadikira pakhomo la nyumba ya pakona ija, atavala malaya oyera, makiyi akulira m'dzanja. Anatsegula n'kuwalowetsa. Munkanunkhira penti. Sedinam anapita molunjika kukhoma la kuchipinda, analigwira ndi chikhatho. Linali louma, lofunda. Anasuzumira pawindo: ngalande inali kutali, kumunsi. Elikem ankayeza ndi mapazi pomwe padzakhale bedi.

"Madamu, nkhani yanu ndaimva," anatero a Narh. "Musadandaule. Mabanki akuluakuluwa ndi amatama. Ine ndili ndi mlamu wanga, ali ndi kampani yake yobwereketsa ndalama. Chiwongola dzanja chake n'chokwererapo pang'ono, koma munthu wa boma ngati inu sangakukaneni. Tangondipatsani chitupa ndichijambule, musayine apa, Lolemba yankho labwera."

"Wamva, amake Dela?" Elikem anawala nkhope. "Tulutsa."

Sedinam anapisa dzanja m'chikwama. Chitupa chinali m'kathumba ka m'kati. Anachigwira, koma sanachitulutse.

"A Narh, mlamu wanuyo akafuna kundiona, nayenso amakafunsa kubungwe lija?"

"Aa, ndi kungoona chabe, Madamu."

"Zikalembedwa?"

"Kalembedwe ndiye... ee, mwina pang'ono."

"Nanga akandikana?"

"Sangakukaneni."

"Ndati akandikana?"

A Narh analiza makiyi aja, anayang'ana Elikem ngati akuti mkazi wanuyu bwanji.

"Ndiye nditchulireni chiwongola dzanjacho pakamwa," anatero Sedinam.

A Narh anachitchula mothamanga, ngati munthu womeza mankhwala owawa. Chinali pafupifupi kuwirikiza cha Madamu Odoi. Malipiro a Sedinam akanamathera komweko, osatsala ngakhale ya sopo. Sedinam anatulutsa dzanja m'chikwama lili lopanda kanthu, n'kutseka zipi.

"Fo Elikem, tiyeni panja," anamuitana mwaulemu mwamuna wake.

Anaima kuseri kwa nyumba, pamchenga wotsala kwa amisiri. Elikem anali atakwiya, ndipo akakwiya ankalankhula motsitsa.

"Unazungulira mabanki onse osandifunsa. Lero ndapeza njira, ukukana. Kodi ukufuna mwanayu akulire m'madzi?"

"Musandifunse zimenezo ngati simundidziwa." Misozi inali italengeza, koma mawu anatuluka. "Ine ndi amene ndimakhala naye m'chipinda chija inu muli pamsewu. Nyumba iyi ndikuifuna kuposa inu. Koma mlamu wawoyo akatikana, dzina langa litsikanso. Akatilola, atidya amoyo, ndipo chaka chisanathe adzatilanda nyumbayi ndi dipoziti yomwe."

"Ndiye tipereke ndalama kwa Anti Korkor?"

"Ayi."

"Nanga tikagona m'thiraki?"

Sedinam anayang'ana pamchenga. Zimene ankafuna kunena anali atazitembenuza m'mutu kuyambira kubanki, ndipo nthawi iliyonse zinkamuwawa chimodzimodzi.

"Kwa Daavi Enyonam kuli chipinda chakuseri."

Elikem anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Daavi Enyonam anali mlongo wake wamkulu, wogulitsa gari, ufa wa chinangwa wokazinga, pamsika wa Ashaiman, mayi wa pakamwa pakuthwa ngati lumo. Chikwatiwireni Sedinam, Daavi sankamutchula dzina, ankangoti "adokotala a pawindo," ndipo Sedinam akamva mawu awo pamsika ankakhotera njira ina.

"Iweyo? Kwa Daavi? Sutha sabata."

"Nditha theka la chaka. Kwawo ndi kokwera, madzi safika."

Elikem anakanda m'mutu, anayang'ana nyumba ija kuyambira padenga mpaka pansi. Kenako anapita kwa a Narh. Sedinam sanamve zomwe anakambirana, anangoona a Narh akukweza mapewa, akukhoma chitseko, n'kuyamba kuimbira munthu wina asanafike n'komwe pagalimoto yawo. Sedinam sanacheukenso. Mu trotro anaika chibwano pamutu pa Dela njira yonse.

Tsiku lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, anapita kwa Daavi Enyonam atanyamula buledi ndi zakumwa. Anawapeza pakhonde akusefa gari m'beseni lalikulu, nsalu atamanga pachifuwa.

"Ee, ee! Lero kugwa mvula ya matalala. Adokotala a pawindo afika pakhomo pa ife osaphunzira?"

Sedinam anapinda maondo popereka moni. Elikem anayamba kufotokoza mozungulira, za mabanki, za makina, za malikisi, mpaka Daavi anamudula.

"Iwe khala chete, umalankhula ngati injini yakufa. Anene mwini wake."

Sedinam anafotokoza, maso ali pa beseni. Sanabise kanthu. Atamaliza, Daavi anaomba m'manja kamodzi, gari n'kuwaza.

"Ndiye kuti anakulanga chifukwa chofunsa mtengo? Anthu a mataye amenewa ngamisala! Ine munthu akagula kwa ine osayamba wafunsa kwina ndimamuona ngati chitsiru." Anapukusa mutu. "Nanga sukulu yonse ija, sanakuphunzitseni zimenezi?"

"Sanatiphunzitse, Daavi."

"Hm. Ndiye mukufuna chipinda changa."

"Kwa miyezi yochepa. Tizilipira mwezi ndi mwezi, magetsi ndi madzi tizithandiza."

"Undilipire ine? Kuti anthu a pamsika azinena kuti Enyonam akudyera mlongo wake?" Daavi anadzuka, anamangitsa nsalu. "Ndalama zako sunga, ukagule nyumba yakoyo ndizidzabwera kudzakusowetsa mtendere. Koma pano si pachipatala. Pano timadzuka kusanache, timasesa bwalo lonse, ndipo Loweruka uzikandikhalira pa benchi. Komanso sindifuna munthu wondiyang'ana m'manja ndikamasambitsa mwana. Ndalera ana ine iwe usanamere mano."

"Ndamva, Daavi."

"Wamva chiyani, nkhope ngati akukutengera kupolisi? Bweretsa kuno mwanayo."

Sedinam anazengereza pang'ono, kenako anamasula nsalu. Daavi anamulandira Dela ndi dzanja limodzi, n'kumukhazika pachiuno ngati mtolo. Sedinam anatsegula pakamwa kuti anene za khosi la mwana, koma anatsekanso.

Chipinda chakuseri chinali chodzaza matumba a gari mpaka pawindo. Munali fumbi loyera ndi fungo lowawasa, koma pansi panali pouma. Elikem anavula malaya a kutchalitchi n'kuyamba kusenza. Sedinam anaima pakhomo akuyesa ndi maso ngati bedi lingalowe.

"Adokotala, waimiranji?" anakuwa Daavi kumbuyo kwake. "Vula nsapato zakozo ugwire uko. Thumba limenelo salinyamula munthu mmodzi."

Sedinam anavula nsapato, anapachika chikwama chake pamsomali kuseri kwa chitseko, n'kugwira mbali yake ya thumba.