Anasesa Ndowe Zanga

Miyezi itatu yathunthu ndinakhala ndikutola ndowe za ng'ombe, kuziyanika pamiyala, kuzitembenuza, kenako kuzikweza pahatchi kupita nazo ku kanyumba ka miyala kamene kali pafupi ndi dziwe, mkati mwa paki ya boma. Kumtundako kulibe mtengo ngakhale umodzi. Munthu wotsika ndi nkhosa kuchokera kuseri kwa phiri amagona m'kanyumbako, ndipo moto wake ndi ndowe zomwezo. Chaka chino wotsikayo anali amuna anga, a Toktosun, amene chifuwa chawo chimalira ngati chitseko chakale.

Ndiye kunabwera Ermek, mwana wa achimwene anga, wokulira mumzinda wa Bishkek, pamodzi ndi mkazi wake Cholpon. Anati atopa ndi phokoso, akufuna akagone mu tenti kumalo kopanda anthu. Ndinawalozera njira ya ku dziwe. Patapita masiku awiri ndinawatsatira, nditawatengera buledi ndi chambiko.

Ermek anandichingamira akumwetulira mpaka mano onse panja.

"Azakhali, bwerani muone ntchito yomwe takugwirirani!"

Ndinasuzumira m'kanyumba muja. Munali mbee! Mulu wanga wofika m'khosi munalibe. Pansi anasesa, pazenera anaikapo timaluwa m'chitini.

"Ndowe zili kuti?"

"Zonyansa zija?" anatero Cholpon akukwinya mphuno. "Tinataya kukhwawa. Tsiku loyamba lonse linathera pamenepo, msana wanga ukupweteka. Koma anthu ena alibe manyazi, kusandutsa nyumba ya paki kukhala khola!"

Ndinapita kukhwawako. Dzulo lake kunagwa mvula. Ndowe zanga zinali phala lokhalokha, zina zikuyenda ndi madzi. Nyengo ino dzuwa silingaumitsenso kanthu.

"Wopanda manyaziyo ndine," ndinawauza nditabwerera. "Iwe Ermek, bambo ako anakuphikira mkaka woyamba pa chiyani? Pa magetsi?"

"Azakhali, sitimadziwa..."

"Simumadziwa, koma kufunsa ayi. Tsache ndiye mumalidziwa! Amuna anga atsika mkucha. Taona mitambo iyo. Akafika atanyowa, akaothe maluwa akowo?"

"Tiwasiyira kachitofu kathu ka gasi."

Anakatulutsa, kakang'ono ngati kapu ya tiyi. Ndinaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa.

"Kameneka kangafunditse mphaka? Khuthulani zikwama zanuzo."

"Zikwama? N'zatsopanotu izi," anatero Cholpon.

"Ndiye bwino, sizibooka."

Ndowe zouma zinatsala malo amodzi okha, pansi pa matanthwe otsetsereka pomwe ng'ombe zimabisala dzuwa. Kumeneko mvula sifika. Tinakwera atatu. Ndinawaonetsa kusankha kwake: yopepuka, yotuwa, yolira ukaigogoda ndi chala. Cholpon ankatola ndi zala ziwiri, nkhope atayang'ana kumbali, ngati wagwira njoka.

"Igwire bwino, mpongozi, siluma."

"Ikununkha, azakhali."

"Youma sinunkha. Yanunkhayo isiye, ndi yadzana."

Ermek anayesa nthabwala. "Anzanga akandifunsa kuti ku tchuthi unaona chiyani, ndidzati chiyani?"

"Udzati unaona kumbuyo kwa ng'ombe. Tola!"

Tinatola tsiku limenelo ndi lotsatira lonse. Ine mtima sunatsike. Ndikaona kamulu kathu ndinkakumbukira mulu wanga uja, ndowe iliyonse nditaitembenuza ndi manja angawa, ndipo ndinkangoluma mlomo kuti ndisanene mawu oti achimwene anga akawamve. Pofika m'mawa wa tsiku lachitatu, kamuluko kanafika m'mawondo basi. Manja a Cholpon anali atang'ambika, koma anali atasiya kudandaula. Ndinamuona akugogoda ndowe ndi chala, n'kuitaya yekha.

Chipale chofewa chinayamba kugwa masana. Ndinaima pakhomo maso ali kuphiri, osaona kanthu koma kuyera. Ermek anafuna kukoleza moto.

"Usayerekeze! Wako moto uli m'kachitofu."

Dzuwa litapendeka tinamva agalu, kenako nkhosa. A Toktosun anatsika pahatchi movutikira, ndevu zili mbuu, chikhoti chili chonyowa mpaka mkati. Ankatsokomola mopinda msana. Ndinawakhazika pafupi ndi ng'anjo, n'kuyatsa. Moto unagwira. Ndinawerenga ndi maso zotsala: zikwana kufika m'mawa, tikamaika imodzi imodzi.

Atamwa tiyi makapu atatu, thupi lawo linayamba kufunda. Anayang'ana kamulu kaja, n'kuyang'ana ine.

"Burul, chilimwe chonse ndi zomwezi? Unkadwala?"

Ermek anaweramitsa mutu. "Ndife, bambo. Tinataya. Timayesa zinyalala."

A Toktosun anaika kapu pansi. Kenako anatola ndowe imodzi pamulupo, n'kuitembenuza.

"Iyi watola ndani? Ndi ya hatchi iyi. Imayaka ngati pepala."

"Ameneyo ndi Ermek," anayankha msanga Cholpon. "Ine ndimamuuza."

Amuna anga anaseka mpaka chifuwa chinawagwiranso. Ine sindinaseke nawo. Ndinatenga chitini cha maluwa chija, n'kuchipereka kwa Ermek.

"Chaka chamawa ubwere mwezi wa Juni. Tenti usiye. Zikwamazo ndiye ubwere nazo."