Batire la M'kapulana

Ndege itangolowa m'mitambo kuchokera ku Lichinga, mayi Hermínia anamva kutentha m'chiuno, pomwe anamangirira batire lotchajira foni kunsonga ya kapulana, chitenje chawo.

Batirelo linatupa kalekale. Kwawo ku Msumba ankangolikulunga ndi mphira n'kumalitchaja pa sola. Mlamu wawo Hezekiya anawalangiza kuti asaulule zoti ndi lotupa, poti angalandidwe, ndipo foni ikathima sangapezane ndi mwana wawo Aline mumzinda wa Maputo, womwe sanaupondepo. Choncho atafunsidwa pabwalo la ndege ngati anyamula batire lowonongeka, anapukusa mutu, kenako analibisa pomwe amabisa ndalama popita kumsika wa ku Metangula.

Tsopano linkawotcha ngati khala. Anali pampando wa kuzenera, lamba atawamanga, pambali pawo pali bambo wonenepa ali mtulo. Pa nyanja boti likagwira moto munthu amadumphira m'madzi. Muno zenera silitseguka, ndipo pansi sipankaoneka n'komwe. Anaganiza zolifinya ndi nsalu kuti lizizire, koma fungo la pulasitiki wopsa linayamba kutuluka. Akanena, anthu onsewa adziwa kuti ananama. Akapanda kunena, apsa nawo limodzi.

Anakweza dzanja kuitana wogwira ntchito m'ndegemo.

"Mwanangu, ndabisa chinthu. Chikundiwotcha."

Samia, mtsikana wothandiza anthu m'ndegemo, sanafunse zambiri. Anadzutsa bambo uja, n'kuwauza mayiwo kuti amasule mfundo chinthucho chigwe pansi, asachigwire. Utsi unafuka. Samia ndi mnzake anathirapo madzi botolo ndi botolo mpaka linasiya kulilima, kenako analimiza m'chitini cha madzi.

Powapaka mankhwala pachilonda, Samia anawafotokozera kuti batire lotupa silikwera ndege konse. Labwinobwino limayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita kunsi kwa ndege, chifukwa kumeneko likayaka palibe woliona. Kulikulunga ndi nsalu n'kulisonkhezera moto.

"Ndiye mundimangitsa?" anafunsa mayi Hermínia, maso ali pansi.

"Tikatera mukafotokoza zonse, mama, ndipo mwana wanu ndimuimbira ndine. Mukanakhala chete mphindi zina ziwiri, sitikanacheza chonchi."

Phunziro: Batire lotupa kapena losweka musakwere nalo ndege. Lililonse likayamba kutentha kapena kununkha, uzani ogwira ntchito m'ndegemo nthawi yomweyo, ngakhale mukuchita manyazi.