Bowa m'Maluwa a Jacqueline

A Blasius Kachingwe atapuma pa ntchito ya njanji ku Nkaya, thupi lawo linakana kupuma nawo. Ankadzuka m'mamawa ngati kale, kuvala nsapato, kenaka n'kuima pakhonde osadziwa kolowera. Sitima ya malasha ikamadutsa ankatuluka kukaiyang'ana mpaka bogi yomaliza, n'kubwerera m'nyumba, kukhala pampando, kudzukanso.

"Abambo, mukundizunguza mutu," akazi awo, a Janet, ankadandaula. "Khalani pansi, apo ayi pitani kwa anzanu."

Mwana wawo Jacqueline anali namwino ku Liwonde. Mwezi wa Okutobala anasankhidwa kukachita maphunziro ku Lilongwe, ndipo asananyamuke anafika pa galimoto ya mnzake atanyamula maluwa atatu a m'nyumba, amene anagula m'sitolo ina yaikulu ku Blantyre. Duwa lina linali ndi masamba aakulu ong'ambikang'ambika ngati laphwasulidwa ndi mbuzi, lina masamba onyezimira ngati opakidwa mafuta, lachitatu linali loyanga, lolendewera m'mbali. Onse anali m'miphika yoyera, yosalala.

"Mundisungire, ababa. Asakhale padzuwa, ndipo madzi pang'ono basi, dothi likauma."

"Usade nkhawa, mwanawe," anatero a Kachingwe, akusisita tsamba limodzi. Ntchito inali itapezeka.

Koma Okutobala wa ku Balaka ndi moto. Munthu wokulira kumeneko waonapo chimanga chikupsa m'munda chitangomasula, ndiye dothi louma limamupweteka mumtima. A Kachingwe akathirira m'mawa, pofika masana pamwamba pa dothi pankaoneka mbuu. Ankathiranso. Madzulo, poona kuti mphepo yatentha tsiku lonse, ankawonjezera kapu ina. Madzi ankakatunga okha kumjigo, amayi a pamzere akuwaseka kuti madala ayamba ukwati watsopano ndi maluwa.

Choyamba kuoneka chinali chuku choyera pamwamba pa dothi, chonga chimene chimagwira chimanga chosungidwa chisanaume. Anachipala ndi supuni. M'mawa mwake chinabweranso. Kenaka kunabwera tintchentche takuda, ting'onoting'ono, tomangouluka mozungulira miphika n'kumagwera mu tiyi. Ndipo tsiku lina atadzuka anapeza bowa wachikasu, wowala ngati yolika ya dzira, atamera mumphika wa duwa la masamba aakulu lija.

"Amayi a Jaki, tabwerani mudzaone!"

A Janet anafika akupukuta m'manja, n'kuima chapatali. "Bowa m'nyumba? Mvula isanagwe n'komwe? Iyayi, izi sindinazionepo chibadwire. Tulutsani zinthu zimenezi."

"Mwana anati asakhale padzuwa."

"Nanga anati tizigona ndi bowa?"

Nkhani inafika kwa a Dalesi, oyandikana nawo nyumba, amene anabwera kudzasuzumira pawindo. Iwo anati bowa wotere samera wamba, alipo amene sakukondwa kuti mtsikanayo wapita kusukulu. A Kachingwe anawathokoza mwaulemu n'kutseka katani, koma mawuwo anawatsalira m'mutu. Anazula bowa uja n'kukamutaya kuchimbudzi. Posakhalitsa anameranso, tsopano m'miphika iwiri. Masamba a m'munsi anayamba chikasu, ena kulefuka n'kugwa. Iwo poona kufota anati ndi ludzu, n'kuwonjezera madzi.

Jacqueline ataimba foni anafunsa za maluwa ake.

"Ali bwino, akukula," anayankha a Kachingwe, akuyenda uku ndi uku pabalaza.

"Munditumizire chithunzi, ababa."

Anatembenuza miphika kuti mbali yabwino iyang'ane kutsogolo, n'kujambula chapamwamba kuti dothi lisaoneke. Atatumiza, chakudya chamasana chinawakanika.

M'mawa mwake anakulunga bowa m'pepala n'kukwera kabaza wanjinga yamoto kupita ku Balaka. M'sitolo yogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda anapeza mayi wina, a Zaituni, amene anatsegula pepalalo, kuyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Maluwa a m'nyumbawa ine sindiwadziwa, bambo. Amene ndili nawo ndi mankhwala a chuku cha tomato. Kaya angathandize."

Anagula omwewo. Kunyumba anawasungunula m'ndowa n'kuthira mumphika uliwonse mpaka kudzaza. Bowa anafota ndithu, koma pabalaza panayamba fungo la m'ngalande, ndipo duwa loyanga lija linagoneratu. A Kachingwe sanathenso kukhala pansi. Anapita ku Liwonde kukafuna maluwa ofanana nawo kuti asinthe mwanayo asanabwere. Anayenda m'mbali mwa msewu monse mpaka kumlatho, kufunsa aliyense wogulitsa mbande, koma anangopeza mango, mapapaya ndi bulugamu. Wina anawauza kuti ayese ku Zomba. Anaima pa siteji nthawi yaitali, minibasi ya ku Zomba ikuitanira, kenaka anakwera yobwerera kwawo.

Anafika dzuwa litapendeka n'kupeza a Janet akukolopa pabalaza, atamanga mpango kumphuno.

"Lero zituluka, mufune musafune," anatero mayiwo, n'kunyamula mphika waukulu uja. Unali wolemera kuposa mmene ankaganizira. Unawapulumuka n'kupendekeka, ndipo madzi akuda, onunkha, anakhuthukira pasimenti. Duwa linasolokamo lonse, lili mu kamphika kena kapulasitiki kakuda.

Onse awiri anawerama kuti aonetsetse. Sankadziwa kuti miphika inali iwiri. Kakuda kam'katiko kanali ndi mabowo pansi, koma woyera wakunjawo unalibe bowo ngakhale limodzi. Madzi onse amene a Kachingwe ankathira ankangodikha m'menemo, duwa lili chiimire m'chithaphwi.

Anawatulutsira pansi pa mtengo wa mango. A Kachingwe atakoka duwa m'kamphika, dothi linatuluka ngati phala, lakuda, lofinyika ngati siponji. Mizu yambiri inali yabulauni, yoterera, yongosupuka ukaigwira.

"Yaola ngati chinangwa cha m'dambo," anatero a Janet.

"Ine ndimati ndi ludzu," a Kachingwe anayankha motsitsa mawu, atagwira mizuyo m'manja.

A Janet analowa m'nyumba n'kubwera ndi sizasi yawo yosokera. Anadula mizu yonse yoola n'kusiya yoyera yokha, yolimba. Dothi la kusitolo lija analitaya kudzala. A Kachingwe anakatapa mchenga kukhwawa, kusakaniza ndi dothi la pansi pa mtengo ndi timakala tophwanya, n'kubzalanso. Duwa loyanga linalibe muzu wamoyo ngakhale umodzi. Limenelo linapita kudzala limodzi ndi dothi lake.

Ntchito yovuta inayamba pamenepo: kusathirira. A Kachingwe ankazungulira miphika iwiri ija ngati nkhuku yofuna poikira. Ankapisa chala m'dothi, kuchitulutsa, kuchiyang'ana, kupita pakhonde, kubweranso kudzapisa. A Janet anabisa kapu yothirira ija m'thumba la ufa.

"Pamwamba pauma, amayi a Jaki."

"Pisani chala chonse. Pansi pali bwanji?"

"Pakuzizira."

"Ndiye kayendeni."

Ankapitadi, mpaka kusiteshoni, n'kubwerera msangamsanga ngati asiya mwana pamoto. Duwa lonyezimira linagwetsa masamba ena awiri kenaka linaima. Tintchentche tinatha. Mvula yoyamba itagwa, la masamba aakulu linatulutsa tsamba latsopano, lopiringizika ngati ndudu, ndipo a Kachingwe anaitana ngakhale a Dalesi kuti adzaone.

Jacqueline anabwera pa Khirisimasi. Anayang'ana miphika iwiri, n'kuyang'ana woyera wachitatu umene tsopano amayi ake ankasungiramo mazira. Anamva nkhani yonse nkhope itagwa, chifukwa loyangalo ndi limene ankalikonda. Koma atamva za ulendo wa ku Liwonde anaseka mpaka misozi.

"Ababa, mukanangondiimbira! Inenso langa loyamba linafa choncho."

Pobwerera anatenga lonyezimira lokha. Lalikulu anati litsale, lazolowera.

Chaka chatsopano chisanafike, a Kachingwe anali atayamba kuyenda m'makomo mwa anthu, mpaka kunyumba ya ansembe, kupempha timitengo ta maluwa toti akabzale. Pakhonde panadzaza zitini za penti, zigubu zodula pakati ndi ndowa zakutha, chilichonse atachiboola pansi ndi msomali. Tsiku lina m'mawa a Janet anathira madzi m'beseni lawo lochapira, madziwo n'kuyamba kuwatsikira kumapazi. Analitukula m'mwamba, dzuwa n'kulowa pa mabowo.

"Abambo! Beseni langa waboola ndani?"

A Kachingwe anali atafika kale pamsewu, akukankha njinga yawo, chitini china chili pa kaliyala.