Mapulagi Awiri Otsala

Galimoto ya achimwene ake a Nesi inakhala m'galaja miyezi khumi ndi umodzi popanda woigwira. Nesi ankadutsa pakhomo la galajalo m'mawa uliwonse popita kuntchito, maso kumbali, ngati pakhomo pa munthu amene anayambana naye. Koma Loweruka limenelo analibe kothawira. Bambo ake ankayenera kukaonana ndi dokotala masana, ndipo miyendo yawo inali itatupa moti sakanafika pokwerera basi.

Anakankha chitseko, fungo la oyilo ndi fumbi n'kumulandira. Anaika batire imene anabwereka kwa woyandikana naye nyumba pamalo pake, pansi pa mpando wakumbuyo, n'kuliza. Injini inatsokomola, inanjenjemera ngati wamalungo, kenako zii.

"Mapulagi amenewo."

Nesi anatembenuka. Bambo ake anali ataima pakhomo, jekete atavala chozondotsa. Anakonza magalimoto zaka makumi anayi bambo amenewa, koma tsopano mutu unali utawathawa. Supuni ankaiyang'ana osadziwa ntchito yake, ndipo mwana wawo wamkaziyu ankamutcha mayi a kuchipatala. Za mwana wawo wamwamuna, amene ankamuitana kuti Sipanala kuyambira ali wamng'ono, anauzidwa kambirimbiri kuti anamwalira pa ngozi ya lole. Nthawi iliyonse ankalira ngati akumva koyamba, mpaka Nesi analeka kuwauza.

"Tsegula boneti, Sipanala. Ukuiopa ngati ndi apongozi ako?"

Nesi anafuna kuwauza kuti iye si Sipanala, koma mawu awo anali atabwerera mwakale, olimba, a munthu wodziwa chimene akunena. Anatsegula boneti.

Pamwamba pa injini panali kansanza kopindidwa bwino ndi sipanala yaitali ya mapulagi. Pambali pake panali kabokosi, m'kati mwake mapulagi awiri atsopano, malo a awiri ena opanda kanthu. Pachivindikiro panatsala chidindo cha chala chachikulu, chakuda ndi girisi. Nesi anakumbuka tsiku la ngozi lija. Foni inalira, achimwene anapukuta m'manja, n'kunena kuti abwana akuwafuna msanga, adzamaliza akabwerako.

"Waya umodziumodzi," anatero bambo ake, akukhwekhwereza mapazi kuyandikira. "Ukazula onse pamodzi, injini idzayamba kuyankhula chilankhulo cha eni. Gwira kumutu, osakoka pakati. Eya. Tsopano uzira fumbilo lisagwere m'kati."

Mapulagi awiri oyamba anali onyezimira, achimwene anali atasintha kale. Nesi analowetsa sipanala pa yachitatu, n'kukonzeka kukoka ndi mphamvu zake zonse. Sipanala inangotembenuka yokha, mofewa. Pulagiyo inali itamasulidwa kale theka. Dzanja lake linali pomwe linalekezera dzanja la achimwene ake, ndipo kumanzere kwake, kumene iwo ankakonda kutsamira akamagwira ntchito, anamva ngati paima munthu. Sanayang'aneko.

"Wagona?"

"Ayi, bambo."

Anaitulutsa, yakuda bii ndi mwaye. Bambo ake anailandira, anaiyang'ana pa kuwala kwa pakhomo, anainunkhiza.

"Ikudya mafuta ngati mwini wake. Ika yatsopano. Yamba ndi zala, osati sipanala. Ikakana, bwerera, usaikakamize. Chitsulo chimasunga mangawa."

Yachinayi inakanirira. Nesi analimbana nayo mpaka khungu la pachala linasupuka. Pamenepo dzanja la bambo ake linagwera pa lake, louma, koma lodziwa pokoka. Anakoka limodzi, pulagi n'kulira kuti kwee, n'kumasuka. Chiyambire matenda awo, bambo ake anali asanamugwirepo dzanja mwa kufuna kwawo. Nesi anaweramira m'injini nthawi yaitali kuposa mmene ntchitoyo inkafunira.

Atabwezera mawaya, analowa kutsogolo. Mpando unali kumbuyo kwambiri, pa muyezo wa miyendo yaitali ya achimwene. Anaukoka, koma dzimbiri linali litaugwira, choncho anakhala kunsonga kwake n'kuliza. Injini inadzuka kamodzi n'kamodzi, ikulira mosalala.

Bambo ake anamvetsera mutu atapendeka, n'kugwedeza. Anatsegula okha chitseko chakumbuyo, n'kukhala pansi mwaulemu ngati mlendo. Nesi anatulutsa galimoto m'galaja pang'onopang'ono mpaka pageti.

"Ima kaye," anatero bambo ake. "Mlongo wako sanakwere."

Nesi anaponda buleki. "Ali kuti, bambo?"

"M'nyumba. Akufunafuna nsapato za kusukulu. Ndi wochedwa mwana ameneyu, koma usamusiye. Samadandaula pamaso pa anthu, amakalirira kuseri kwa chitseko. Iwe sudziwa, ine ndimamumva."

Nesi anagwira chiwongolero ndi manja awiri. Pagalasi ankaona khomo la nyumba yawo, lotseka, makatani osagwedezeka. Nthawi ya dokotala inali itayandikira.

"Kamutenge," anatero bambo ake. "Ndikudikira."

Nesi anatsika, injini ikulirabe, n'kulowa m'nyumba. Anadutsa pabalaza mpaka kuchipinda chimene ankagona ali mwana, chimene tsopano munadzaza makatoni ndi mipando yothyoka. Anaima pakati pa chipindacho, manja ali girisi yekhayekha. M'nyumba monse munali chete, moti ankamva mpopi wa kukhitchini ukudontha. Kenako, osadziwa chifukwa chake, anakoka chitseko n'kusuzumira kuseri kwake.

Atatuluka, anazungulira galimoto, anatsegula chitseko chakutsogolo cha wokwera, anadikira pang'ono, n'kuchitseka.

"Wakwera?" anafunsa bambo ake.

"Wakwera, bambo."

"Basi tiyeni. Uyende bwino, wanyamula anthu."

Anafika kuchipatala mochedwa, dokotala akuvula kale chovala chake choyera, koma anawaona. Njira yonse, popita ndi pobwera, Nesi anayendetsa pang'onopang'ono, maso pamsewu, ndipo mpando wa pambali pake sanauyang'ane ngakhale kamodzi.